Hamonika ya Munthu Wochepa Mpweya

Ntchito yanga ndi yokonza mafoni. Ndili ndi kabenchi pakhonde la golosale ina ku Biwi, ndipo ndimakhala ku Kawale ndi agogo, amayi awo a mayi anga, omwe anandilera makolo anga atamwalira motsatizana ndili wamng'ono. Anthu amati ndine wosayankhula, ndipo sanama. M'nyumba ya agogo munalibe ana ena, choncho ndinakula ndikuyang'ana zinthu m'malo mozifunsa. Chilichonse chomangidwa ndi sikuluwu ndinkafuna kuchitsegula: tochi, loko, wailesi yakufa ya aneba.

Hamonika yoyamba ndinaipeza m'thumba la jekete ya pa kaunjika. Ena amaitcha limba la pakamwa. Inali yadzimbiri, mabowo ena osalira, ndipo ndinaitsegula tsiku lomwelo. M'kati mwake muli kathabwa kooneka ngati chipeso, ndipo uku ndi uku kuli timbale tamkuwa tokhala ndi timalilime topyapyala. Ukauzira kapena kukoka mpweya, kalilime kamanjenjemera, ndiye mawu amatulukawo. Pakati pa kalilime ndi mbale yake pali kampata kongokwana pepala. Mpatawo ukakula, hamonika imadya mpweya wambiri. Ukachepetsetsa, kalilime kamakakamira osalira.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kutolera mahamonika akufa. Anyamata ogulitsa zidole za pa kaunjika anandidziwa, akapeza ina ankandisungira. Makasitomala akasowa masana, ndinkaitsegula, kuitsuka, kuwongola timalilime, kenaka n'kuiika m'chitini cha masikono. Kuimba kwenikweni sindidziwa. Koma ndimakonda kumvera odziwa, makamaka anthu akuda a ku Amereka oimba nyimbo zodandaula zija amati bulusi. Ndimawaonera pafoni. Munthu amafumbata kachitsulo m'manja osaoneka n'komwe, n'kukaliritsa ngati sitima ikuchoka, kenaka ngati mayi akuitana mwana kutali. Amakoka mpweya n'kuwapinda mawu kuti atsike, ngati munthu wayamba kuyankhula koma kukhosi kwamugwira. Ndinkabwereza kanema yemweyo mpaka bando ya intaneti kutha.

Komatu woyamba kumumva akuimba choncho sanali wa ku Amereka. Ndili mwana, lole yotula antchito a ku fodya ku Kanengo inkaima pamsewu wakumtunda kwathu madzulo. Mwa otsikawo munali bambo wina wamtali, wochokera ku Mulanje, yemwe ankadutsa pakhomo pathu akuimba hamonika. Ine ndinkabisala kuseri kwa mpanda wamaudzu n'kumamvera. Amadutsa akununkha fodya wosapsa, nyimbo ikupita naye mpaka kukakhota pa chigayo. Sindinawapatsepo moni, ndinali wamanyazi. Zaka zitapita, lole inasiya kuwatula, ndipo nyimbo inatha.

Tsiku lina achikulire omwewo anatulukira pabenchi panga. Anali ataonda, akuyenda n'kumaima. Anakhala pa kreti yomwe ndimasungira makasitomala, n'kupuma kaye asanayankhule.

"Injiniya," anatero, "foni iyi ikundimva ine, koma ine sindikuimva iyo. Mwana wanga akaimba ndimangoti eya, eya, osadziwa chomwe ndikuvomera."

Sipika ya foniyo inali itadzaza fumbi. Ndikuitsuka, maso awo anagwera pa hamonika yomwe ndinali nditaimasula pambali.

"Kodi izinso mumazichita opaleshoni?"

"Ndimangoseweretsa, Abambo."

"Muli nayo yamoyo? Taimbani timve."

Ndinatenga ina m'chitini n'kuyesa. Sindinapite patali.

"Basi, basi, zakwana," anakweza dzanja. "Manja muli nawo, koma pakamwapo Mulungu anakumanani."

Mayi wogulitsa nthochi pafupi nane anaseka mpaka kugwira m'mimba. Inenso ndinaseka, n'kuwauza achikulirewo kuti ndine mwana uja wa pakhomo la mpanda wamaudzu, ndipo ndinkawamvera akamadutsa. Anandiyang'anitsitsa. Kenaka anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa kanthu kokulunga mu hanki. Inali hamonika yakale, chitsulo chake chitayera m'mbali momwe zala zinkagwira. Anati anawapatsa ndi atsibweni awo pobwera ku migodi ya ku Joni, ndipo nyimbo anaphunzira kwa iwowo ndi pawailesi.

"Ndimayenda nayobe, koma sindiimba," anatero. "Kuchipatala akuti fumbi la fodya linandidya mapapo. Ndikauzira imangoti fuu, ndikakoka ndiyamba kutsokomola. Mwana wanga akubwera ndi lole mvula isanayambe, akutitenga ine ndi mayi ake kubwerera kumudzi. Ndinabwera ku Lilongwe kuno ndikuimba. Ndiye ndibwerere ndili duu ngati katundu? Taonani ngati ingatheke kuti izilira ndi kampweya kanditsalirako."

Ndinati ndiyesa, n'kupita nayo kunyumba.

Agogo amagulitsa tomato ndi anyezi pa kathandala kutsogolo kwa nyumba, ndipo palibe cholowa pakhomo chomwe maso awo sachiona.

"N'chiyani icho wakulunga ngati mankhwala a kwa sing'anga?"

"Hamonika, agogo. Ya achikulire aja ankagwira ku Kanengo."

"Otsokomola aja?"

Ndinavomera ndi mutu. Anasiya kusanja tomato.

"Ndiye uikonza bwanji?"

"Ndiitsegula, ndiwongole timalilime, kenaka ndiyese."

"Uyese ndi chiyani?"

Anadziwa kale.

"Iwe mwana iwe. Chinthu chakhala m'kamwa mwa munthu wodwala chifuwa zaka zonsezi, iwe ukachiike m'kamwa mwako?"

"Akuti si chifuwa chachikulu, agogo, ndi fumbi la fodya. Komanso nditsuka ndi sipiriti."

"Akuti, akuti. Akutiwo adzabwera kudzakhala nane pasiwa? Mayi ako anayamba ndi chifuwa. Bambo ako chimodzimodzi. Ndinawadwazika ndine, ndinawaperekeza kumanda ndine. Iwe sindikuika ayi. Undiika ndiwe."

Agogo satchulatchula za makolo anga. Atanena zimenezo anabwerera pa tomato wawo. Anayankhulanso osandiyang'ana.

"Sindikukuletsa kuthandiza munthu. Ukakonzere kwawo konko, panja, masana. Ukamaliza usambe m'manja ndi sopo. Koma pakamwa pako ayi. Wamva?"

"Ndamva, agogo."

Mumtima ndinkati agogo sakudziwa chomwe akunena. Kukonza hamonika osaiuzira kuli ngati kusoka malaya usanamuone mwini wake. Ndinaganiza zozemba vutolo: ndingowapatsa achikulire hamonika yanga yabwino kuposa zonse, yomwe ndinali nditaikonza mpaka kukhutira nayo.

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi ndinapita kwawo. Ankachita lendi kanyumba ka zipinda ziwiri kumunsi kwa Kawale. Akazi awo, mayi wamfupi wa mawu akuthwa, anandiyalira mkeka pakhonde. Ndinapereka hamonika yangayo. Achikulire anaitembenuza, anaiyamikira kuwala kwake, n'kuiika pakamwa. Mabowo akumtunda analira mopyapyala. Akumunsi, omwe ali ndi timalilime tatitali ta mawu aakulu, anangoti fuu. Anayesanso mwamphamvu, n'kutsokomola mpaka misozi.

"Iyi ndi ya anyamata odya bwino," anatero atapezako mpweya. "Imafuna munthu wa chifuwa cha ng'ombe."

Apo m'pamene ndinaona chomwe sindinkachiona. Mahamonika onse a m'chitini changa ndinawakonza powayesa ndi mpweya wanga, choncho onse anali a chifuwa changa. Ndikanatenga yawo ija n'kumaiuzira ndekha kunyumba, ndikanaibweza ikulira bwino kwa ine, kwa iwo ili chete.

Ndinayenera kuwafotokozera za lamulo la agogo, ndipo mawu ankandikanika. Ungamuuze bwanji munthu wamkulu kuti kwanu akuopa malovu ake? Ndinazungulirazungulira mpaka akazi awo anandidula.

"Agogo anu akukanizani kuika pakamwa, si choncho? Nenani, sitikumenyani."

"Eya, Amayi."

"Akunena zoona," anatero achikulire. "Ine ndikanakhala iwo ndikananena zomwezo. Ndiye tipangane chonchi, injiniya: manja akhala anu, mpweya ukhala wanga."

"Nanga yatsopanoyi mwaidontheza kale dovu," anatero akazi awo, "mwana wa eni aitenganso bwanji?"

"Imeneyi yakwatiwa kuno basi," anayankha, n'kuiponya m'thumba.

Kuyambira tsiku limenelo ndinkatseka benchi msanga masiku ena, dzuwa likadalipo, n'kupita pakhonde pawo ndi kasikuludiraiva, lezala ndi botolo la sipiriti. Tinasankha kukonza yakale ija, chifukwa anati milomo yawo imaidziwa njira. Ntchito inkayenda chonchi. Ndimasule zovindikira, ndikankhe kalilime pang'ono ndi kamtengo ka machesi kuti mpata uchepe, ndimange, ndipereke. Iwo auzire, anene. Kenaka ndipukute, ndimasulenso.

Kanenedwe kawo kanali kawokawo.

"Bowo loyambali likukana ngati mbuzi yopita kumsika."

"Ili lachiwiri lavomera, koma monyinyirika. Ngati mkamwini wotumidwa nkhuni."

Vuto linali lakuti mpweya wawo unali wochepa zedi. Akayesa kangapo, chifuwa chinkayamba, ndipo tsikulo latha. Ndikamayesa ndekha ndimauzira mosawerengera, kulakwa n'kubwereza mmene ndingafunire. Apa kulakwa kwanga kulikonse ankalipira ndi iwo. Tsiku lina ndinachepetsa mipata mopitirira, pofuna kuti zithe msanga. Atauzira, timalilime tinakakamira, zii. Anakakamiza, ndipo kutsokomola kwake kunali koti aneba anasuzumira pampanda. Akazi awo anawasisita pamsana, n'kundiyang'ana.

"Injiniya, lole ikubwerayi ndi yonyamula anthu amoyo. Musatisinthire pologalamu."

Ananena moseka, koma ndinabwerera kunyumba mutu uli pansi. Agogo anaona.

"Yakanika?"

Ndinawafotokozera. Ndinawauzanso kuti kathabwa ka pakati kanauma n'kupindika, moti mpweya wina umathawira m'mbali usanafike pa timalilime, ndipo munthu wochepa mpweya sangakwanitse kutaya ngakhale pang'ono. M'mawa mwake ndinapeza kachibulumwa ka phula la njuchi pamwamba pa chikwama changa cha zida.

"Ndapempha kwa bambo wogulitsa uchi uja," anatero akusesa. "Ndowa yanga ikadontha ndimamata ndi limenelo. Kaya kwanuko."

Linathandiza. Kathabwa ndinakapala pa sandipepa woyala pagalasi la foni yakufa mpaka kanawongoka, ndinakapaka phula losungunula, n'kumanga. Mpweya unasiya kuthawa.

Za timalilime ndinasintha kachitidwe. Ndinaleka kufunsa kawirikawiri, n'kuyamba kuwayang'ana. Kuyang'ana ndiye ndinakulira. Ndinkaona mmene mapewa awo akukwerera akamakoka mpweya, pomwe mtsempha wa pakhosi ukuyamba kutupa, pomwe akulekezera. Ndinaona kuti kuuzira kumawavuta pang'ono, kukoka ndiye kumawadzutsira chifuwa, choncho timalilime tokokera tinafunika kufewa kuposa touzira. Ndinaona kuti akangomwa tiyi wotentha amakhala ndi mphamvu, ndipo ndinkasunga mabowo ovuta kufikira nthawi imeneyo. Ndinaphunziranso kukodola kalilime ndi chikhadabo n'kumvera kulira kwake pafupi ndi khutu, kuti ndidziwe ngati kali bwino ndisanawavutitse. Kukonza kunkatenga nthawi yaitali, kuyesa kamodzi kokha.

Popuma ndinkawaonetsa oimba bulusi a pafoni aja. Ankagwira foni patali ndi maso, n'kumagwedeza mutu.

"Uyu ndi katswiri. Tamverani mmene akutsikira apo. Koma uyu winayu akungothamanga, akuopa kuti wina amulanda."

Za mmodzi wokalamba, wa chipewa, yemwe ankaimba mawu ochepa n'kumadikira, anati, "Bwezerani ameneyo." Tinamubwereza mpaka akazi awo anati batire la foni likutha, ndipo magetsi kulibe.

Mitambo itayamba kusonkhana masana, mabowo onse anali akulira kupatula lachitatu pokoka. Limenelo ndi lomwe amapindira mawu, pomwe pamakhala kudandaula konse kwa nyimbo. Likalira mosavuta, silinkapindika. Ndikalikonza kuti lipindike, linkafuna mpweya womwe iwo analibe. Tinalimbana nalo, ndipo mwana wawo anaimba foni kuti lole yapezeka, afika Loweruka.

Loweruka m'mawa sindinatsegule benchi. Ndinapeza lole itaima kale, mwana wawo ndi anzake akukweza bedi, matumba ndi mbaula. Achikulire anali pa mpando womwe unatsala, atavala jekete.

"Injiniya, mwachedwa. Akangonyamula mpandowu ndiye kuti inenso andinyamula."

Ndinakhala pansi n'kumasula hamonika. Ndinali nditaganiza kuti mwina vuto silili pa kalilime kokokera kokha, koma pa kanzake kouzira ka m'bowo lomwelo, komwe kankaba mpweya. Ndinakakankha pang'ono kwambiri, mwina sikanasunthe n'komwe, ndinakodola ndi chikhadabo, n'kumanga. Akazi awo anabweretsa tiyi m'kapu yomwe anali asanalongedze.

Achikulire anamwa. Anapukuta milomo. Anafumbata hamonika m'manja n'kukoka pa bowo lachitatu.

Mawu anatuluka, anaima, kenaka anatsika pang'onopang'ono n'kubwereranso. Sanatsokomole. Anandiyang'ana pamwamba pa zala zawo n'kuyamba nyimbo.

Sinali ngati ya kale ija. Kale inkathamanga ndi miyendo yawo. Iyi inali ya mawu ochepa, ndipo pakati pake ankaima kuti apume, phazi likugunda pansi kusunga nthawi mpaka mpweya utabwerera. Poyamba ndinkaopa kuti akaima ndiye kuti chifuwa chayamba. Kenaka ndinazindikira kuti akuikonza nyimboyo kuti kupumako kukhale m'kati mwake. Anyamata awiri omwe ananyamula kabati anaima nayo pakhomo, osaitsitsa, osapitirira. Mwana wawo anavula kapusi.

Nyimbo inali yaifupi. Atamaliza anapumira m'mwamba kwa kanthawi, akumwetulira.

"Kale munkaimba ngati akukuthamangitsani apolisi," anatero akazi awo, akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Bola lero tamvako."

"Mayi inu, zaka zonsezi osandiuza?"

"Mukanamva? Kwerani lole, dzuwa likukwera."

Achikulire anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri. "Mukawathokoze agogo anu," anatero. "Mukanene kuti wotsokomola uja wapita akuimba." Anawakweza kutsogolo pafupi ndi dalaivala, mpando unaponyedwa pamwamba pa katundu, ndipo lole inanyamuka.

Ndinasamba m'manja pa mpope wa aneba awo n'kupita kunyumba. Agogo atamva uthengawo anangoti, "Chabwino," n'kundipatsa tomato wophwanyika kuti ndikaike kukhitchini. Ine ndimawathokoza mpaka lero, ngakhale iwo amati sakuona chomwe anachita. Anandiletsa chifukwa cha mantha awo, ndipo kundiletsako n'komwe kunandikhazika pakhonde paja kuti ndiphunzire kukonzera munthu, osati chitsulo chokha. Ndimawathokozanso achikulire aja, omwe anandilola kulakwitsa pa mpweya wawo wochepawo osandikalipira.

Mvula itagwa, chimanga chitafika m'mawondo, foni yanga inalira ndili pabenchi. Anali achikulire aja.

"Injiniya! Ntchito yanu ija ndi yosalimba. Bowo lachisanu layamba kukakamira."

"Layamba liti, Abambo?"

"Dzana. Ndimaimba bwinobwino pansi pa mtengo wa mapeyala, anthu atakhala, basi zii. Manyazi ake!"

Kumbuyo ndinamva mawu a akazi awo akukuwa: "Muwauze zoona! Amaimba akutafuna mtedza, osachukucha n'komwe m'kamwa!"

"Musawamvere amenewo," anatero achikulire. Kenaka motsitsa mawu: "Mtedza wake unali wochepa."

Ndinawauza kuti apeze kasikuludiraiva ndi nthenga ya nkhuku, ndipo aitane mwana wawo agwire foni. Kasitomala yemwe anali pa kreti anadandaula kuti akuchedwa. Ndinamupempha adikire pang'ono, n'kuyamba kuwafotokozera sikuluwu yoyamba kumasula.